Mfuti ya M'chiuno mwa a Greyson

Kwa zaka zambiri Amalawi a ku Perth kuno tinkawadziwa a Greyson Luwayo ngati munthu wonyamula maphasulo. Ukawafunsa za ntchito poweruka kutchalitchi ku Cannington, ankayankha mwachidule: "Ife ndi amtengatenga, achimwene. Kutenga apa, kukatula apo." Si kuti ankanama ayi. Ankangosiya mbali ina osaitchula.

Anabadwira ku Ntcheu, cha ku Tsangano, m'banja la alimi a kachewere. Analowa usilikali akadali mnyamata ndipo anakhalamo mpaka kufika pa usajeni. Ku Australia anabwera potsatira akazi awo, mayi Dyna, namwino amene anapeza ntchito pa nyumba ina yosamalira okalamba. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Nicole, anakulira konkuno, ndipo atamaliza sukulu anakakhazikika ku Melbourne. A Greyson analibe pepala lina kupatula la usilikali, choncho anayamba ndi kutsuka magalimoto, kenako ulonda wa pageti pa nyumba zosungiramo katundu ku Kewdale. Kumeneko kampani ina yonyamula zinthu zamtengo wapatali inawaona kuti ndi munthu wodekha, n'kuwatumiza ku maphunziro kuti atenge laisensi ya mfuti.

Kampaniyo inali ndi magulu awiri. Ena ankayenda pa zimagalimoto zachitsulo, atavala yunifolomu, mfuti ili poonekera kuti aliyense aione n'kuopa. Ena ankavala ngati munthu wamba wopita kukagula sopo, pa galimoto wamba, chikwama chooneka ngati cha kompyuta chili kumanja, mfuti itabisika mkati mwa lamba, malaya atagwera pamwamba. Amenewa ankatumikira masitolo ang'onoang'ono, ogulitsa mphete ndi ndolo zagolide, ndi ena osafuna kuti anthu adziwe tsiku limene katundu amatuluka. A Greyson anawaika m'gulu lachiwirili. Dziko lino munthu wamba saloledwa kuyenda ndi mfuti, ndiye lamulo loyamba linali lakuti asauze aliyense. Amene ankadziwa anali akazi awo okha.

Tsiku loyamba kumalo ophunzirira kuwombera, mayi wina dzina lake Katherine, amene pambuyo pake anadzakhala bwana wawo, anawapatsa pisitolo yakuda yopepuka. A Greyson anaitembenuza uku ndi uku, chala chachikulu chikufufuza kachitsulo kotsekera kamene anazolowera pa mfuti za kuusilikali. Panalibe.

"Sefuti yake ili pati?" anafunsa m'Chingerezi.

"Ili mkati," anatero Katherine. "Pa thiriga, pokokera ndi chala powomba apa, pali kalilime aka. Chala chikapanda kukadina pakati penipeni, thiriga siyenda. Mkatimu muli kachitsulo kotchinga msomali woboola chipolopolo, ndipo sikasuntha mpaka mutakoka. Ngakhale mfutiyi itagwa pa simenti, silira. Koma mudziwe kuti muziyenda nayo yotchera kale, chipolopolo chili pakhomo."

A Greyson anapukusa mutu. Kuusilikali anaphunzitsidwa, ndipo iwonso anaphunzitsa anyamata ambiri, kuti mfuti imatcheredwa pokhapokha mdani waoneka. Mnyamata wopezeka ndi chipolopolo pakhomo mu kampu ankamugubuduza m'matope. Anapempha kuti aziyenda ndi yawo yosatchera, adzatchere pakafunika.

"Kutchera kumafuna manja awiri," anatero Katherine. "Dzanja lanu lamanzere lidzakhala ndi chikwama. Lachitatu mulitenga kuti? Chikwama cha mfutichi n'cholimba, chimaphimba thiriga yonse. Ikakhala mmenemo, chala chanu chili kunja, palibe chingachitike. Ndi lamulo la kampani, bambo Luwayo. Amene sangathe, ntchito ya pageti ikadalipo."

Anavomera, poti malipiro ake ankaposa a pageti. M'mawa uliwonse ku depoti ya ku Kewdale ankalandira pisitoloyo pa zenera, kuiloza m'bokosi lachitsulo lodzaza mchenga, kulowetsa magazini ya zipolopolo, kukoka chapamwamba n'kuchisiya chibwerere. Kaphokoso kameneko, khetye, sanakazolowere. Ankailowetsa pang'onopang'ono m'chikwama chake, maso ali pomwepo, poopa kuti nsonga ya malaya ingalowe nawo n'kukola thiriga. Madzulo ankaibweza pa zenera lomwelo, chifukwa mfuti sinkapita kunyumba. Zimene Katherine ananena ankazikhulupirira ndi mutu. Thupi ndi limene linkakana. Tsiku lonse ankamva mpope wa mfutiyo ukuloza ntchafu yawo.

Ntchitoyi inawasintha kayendedwe. Sankatambasula dzanja kutenga chinthu pa shelefu yam'mwamba, poopa kuti malaya angakwere. Kuwerama ankachita kupinda mawondo ngati mayi wovala siketi yaifupi. M'chilimwe cha kuno, dzuwa likamaotcha ngati ku Nsanje, ena atavala timalaya topyapyala, iwo ankavala malaya okhuthala otaya. Pa chiuno chakumanja panabuka chipsera chakuda cha thukuta ndi kukhuzika. Ngakhale Lamulungu, mfuti ili kutali ku Kewdale, chigongono chawo chinkakhala chokanikiza pamenepo, ndipo polonjerana ankaima cham'mbali, dzanja atalitambasula kutali. Ife tinkati ndi usilikali wosatha m'thupi.

Mu February 2020 amayi a mayi Dyna anadwala sitiroko kumudzi kwawo ku Balaka. Mayi Dyna ananyamuka ndi kachikwama kamodzi, akuti akakhale milungu yowerengeka. Asanabwerere, korona inafika, malire anatsekedwa, ndege zinaima. Zitayambanso kuyenda, boma linkalola anthu ochepa kwambiri kulowa pa mlungu, ndipo tikiti ya mayi Dyna inkangosunthidwa: lero akuti mwezi wamawa, mwezi wamawa ukafika akuti winawo. A Greyson nawo sakanatha kutuluka popanda chilolezo. Anapempha, anawakaniza. Ndipo ngakhale akanawalola, akanakakhala wachiwiri wosowa njira yobwerera, nyumba ndi ntchito zitatsala zokha. Ngakhale kwa Nicole ku Melbourne kunali kosapitika, popeza chigawo chathu chino chinadzitsekera ngakhale kwa zigawo zinzake.

Chodabwitsa n'chakuti mu Perth momwemo moyo unkayenda ngati kale. Matenda anali ochepa, anthu ankapita kunyanja, kumpira, kumapwando. Azungu a kuntchito ankawauza kuti, "Tili ndi mwayi, Greyson, kuno ndiye malo abwino koposa padziko lonse." Iwo ankangovomera. Madzulo ankafika m'nyumba yopanda munthu, kutenthetsa chakudya cha dzulo, kuimba foni ku Balaka kumene kunali kukadali masana.

"Abambo a Nicole, mukudya koma?"

"Tikudya. Amayi ali bwanji?"

"Dzanja layamba kugwira supuni. Za tikiti aimbanso?"

"Akuti tidikire."

Mayi Dyna, pokhala wathu yekhayo amene anali kumudzi, anasanduka maso athu. Wina kuno akamva kuti bambo ake agonekedwa ku Liwonde kapena ku Ntcheu, ankaimbira iwo, ndipo iwo ankakwera minibasi kukaona, n'kutiimbira pa vidiyo. Maliro akagwa, ankapita kukatiimirira. A Greyson zimenezi zinkawadetsa nkhawa, koma akanaletsa bwanji? Amene ankapemphawo anali anthu okhala nawo benchi imodzi Lamulungu.

Kuntchito nako zinthu zinathina. Anthu ambiri anasiya kugwira ndalama m'manja n'kumalipira ndi khadi, maulendo anachepa, kampani inachotsa anthu, ndipo otsalawo anawawonjezera njira. A Greyson anapempha Katherine kuti awasamutsire ku ntchito ya mkati mwa depoti yosafuna mfuti. Anawayankha kuti malo kulibe, ndipo amene ali ndi ntchito nthawi ngati ino aigwiritse.

Chaka cha 2021 chinayamba moipa kwathu. Mu January korona inalusa ku Malawi, ndipo m'mawa uliwonse foni inkadzuka ndi zithunzi za anthu odziwika kwa ife, pansi pake mawu oti ause mumtendere. Kumapeto kwa mwezi womwewo kuno kunapezeka wodwala mmodzi, mzinda wonse n'kuikidwa pa m'bindikiro kwa masiku owerengeka. Atatimasula, analamula kuti aliyense avale masiki kwa kanthawi. Kwa ambiri a ife kanali koyamba. Kwa a Greyson linali tsoka lapadera. Maphunziro awo onse ankati: chenjera ndi munthu wophimba nkhope amene akukuyandikira. Tsopano mzinda wonse unali utaphimba nkhope, agogo ndi ana omwe. Anasiya kuyang'ana nkhope, n'kumangoyang'ana manja. Pofika madzulo mutu unkawawawa ngati aumenya ndi mpini.

Zinachitika Lachinayi masana, pa sitolo zikuluzikulu za ku Cannington. Mnzawo wa pantchito, mzungu wachikulire dzina lake Fraser, anatsala pa chiwongolero pafupi ndi khomo, monga mwa nthawi zonse, ndipo ankalankhulana kudzera pa kachipangizo ka m'khutu. A Greyson analowa, anatenga chikwama kwa wogulitsa mphete, n'kuyamba kubwerera pakati pa anthu. Chitseko chagalasi chitangotseguka, mphepo yotentha ya panja itawawomba kumaso, anamva mapazi akuthamanga kumbuyo kwawo. Asanamalize kutembenuka, munthu wamtali wa chipewa ndi masiki yakuda anawagwera, manja onse awiri n'kuwakulunga m'chiuno. Mkono umodzi unakanikiza pa mfuti penipeni.

Zotsatirazo thupi linachita lokha. Chigongono chinabwerera m'mbuyo mwamphamvu n'kupeza pakamwa pa munthuyo. Anapotoloka, munthuyo anagwa chagada pa simenti, ndipo a Greyson anapezeka ataima, chikwama kumanzere, pisitolo kumanja ikuloza pachifuwa cha wogwayo. Mayi wina anakuwa. Ngolo yogulira zinthu inagubuduzika yokha n'kukagunda chipilala.

Wogwayo anakweza manja, kenako anakokera masiki pansi. Inali itanyowa magazi.

"Achimwene," anatero. "Achimwene a Luwayo. Amayi atisiya."

Anali a Aloysius, mnzawo wa kutchalitchi, wa zamagetsi ku migodi ya kumpoto, woimba tenala m'kwaya, munthu amene anawalandira pa bwalo la ndege tsiku limene anafika m'dziko lino. Anali pa tchuthi chake cha kumgodi, anabwera kudzagula nsapato, ndipo foni yochokera kumudzi inamupeza ali pamzere wolipira. Atatuluka m'sitolo osadziwa kolowera, anaona msana wa munthu wa kwawo pakati pa alendo okhaokha, n'kuuthamangira.

A Greyson anayang'ana dzanja lawo. Chala chinali chowongoka, chitagona m'mbali mwa mfuti, kunja kwa thiriga. Anatsitsa mfutiyo, anakweza malaya, anailowetsa m'chikwama chake pang'onopang'ono monga ankachitira m'mawa uliwonse, anthu onse akuonerera.

"Greyson, kugalimoto! Tsopano!" anakuwa Fraser m'khutu.

"Ndimamudziwa. Ndi mbale wanga."

"Sindikufuna kudziwa. Mwina sali yekha. Chikwama chibwere kuno!"

Lamulo linali lomveka: uli ndi chikwama, suima, ngakhale munthu akomoke pamaso pako. A Greyson anati, "Ndikubwera, achimwene," ndipo anawasiya a Aloysius pansi pomwepo.

Sanabwerere. Atangolowa m'galimoto, Fraser anakhoma zitseko, anaimbira ofesi ndi apolisi, ndipo yankho linali lakuti munthu amene wasolola mfuti pagulu asatuluke mpaka apolisi afike. Galimotoyo inali pamalo poti zonse zinkaoneka bwinobwino. Alonda a pasitolo anawakhazika a Aloysius m'mphepete mwa msewu, mmodzi ataima kutsogolo, wina kumbuyo, ngati agwira mbala. Winawake anawapatsa timapepala topukutira. Anthu ankajambula ndi mafoni. A Aloysius ankalira, mapewa akugwedezeka, ndipo palibe amene ankadziwa kuti akulira maliro. Nthawi ndi nthawi ankadzutsa mutu kuyang'ana kugalimoto.

"Nditsegulire, Fraser. Amayi ake amwalira. Ndingomuuza mlonda uja."

"Ukatuluka ndi mfuti imeneyo apolisi akubwera, akuwombera iweyo. Khala pansi. Ika manja poonekera."

Anakhala, manja ali pa dashibodi. Mpope unali ukulozanso ntchafu yawo, chipolopolo chikadali pakhomo, ndipo sankaloledwa ngakhale kuchichotsa.

Apolisi atafika, mmodzi anawavula mfutiyo, anachotsa magazini, anakoka chapamwamba, chipolopolo n'kudumphira m'dzanja lake. A Greyson anachiyang'ana. Kanali kanthu kakang'ono, kosaposa nsonga ya chala. Anafotokoza zonse kangapo, kwa wapolisi uyu ndi uyo, kuti munthuyo si wakuba, kuti kwathu munthu woferedwa amagwera m'bale wake. Pamene ankamaliza, ambulansi inali itawatenga kale a Aloysius kukawasoka mlomo. Dzino limodzi lakutsogolo linatsala pa simenti.

M'mawa mwake Katherine anawaitanira ku Kewdale. Anawauza kuti akhale kaye kunyumba mpaka apolisi ndi kampani atamaliza kufufuza, kenako anawaonetsa zimene kamera ya pakhomo la sitolo inajambula. Anabwereza pang'onopang'ono, n'kuimitsa pamene mfuti inatuluka.

"Taonani chala chanu. Sichinalowe. Munthu wakugwirani pa mfuti, mwaiteteza, mwaona kuti alibe chida, mwaibweza. Ndikanakonda anyamata onse ataona filimu imeneyi. Sindikuona kuti mupezeka wolakwa."

"Ndifunse chinthu chimodzi, abwana. Chalacho chikanaterereka n'kulowa, zotchinga zanu zija zikanaletsa?"

"Ayi. Zimaletsa mfuti kulira yokha. Chala chikakoka, imalira."

"Zikomo," anatero a Greyson, n'kutenga chipewa chawo.

Maliro a korona sankachedwa. Amayi a Aloysius anaikidwa Lachisanu lomwelo, m'mawa wa kumudzi, kuno kuli chakumadzulo dzuwa likadali pamwamba. Tinasonkhana kunyumba kwa a Aloysius, koma poti chiwerengero cha anthu m'nyumba chinali ndi malire, tinkalowa mosinthana, ena titaima pa kapinga ndi m'galaja, tonse mamasiki kumaso. Nkhani ya dzulo lake inali itazungulira kale m'mafoni, ndi kavidiyo komwe. A Greyson atatsika m'galimoto yawo, macheza a panja anazima. Bambo wina anayang'ana m'chiuno mwawo osabisa n'komwe. Mayi Julia, akazi a Aloysius, anawalandira pakhomo ndi mawu ozizira.

"Mwabwera nayo?"

"Ayi, mlamu. Sifika kunyumba."

Anawapatsa njira. A Aloysius anali pansi pa kapeti, atatsamira sofa, mlomo utatupa, masiki ili m'khosi chifukwa sikanatheka kuvalika. Foni anailumikiza ku wailesi yakanema. Amene anagwira foni ya kumanda, kumudzi wina wa ku Balaka, anali mayi Dyna. Anadzuka m'bandakucha n'kukwera kabaza kuti akafike.

A Greyson anagwada pafupi ndi mnzawoyo. "Pepani, achimwene. Pepani kawiri."

A Aloysius anawayang'ana nthawi yaitali. Mawu ankatuluka movutikira. "Ndinakaona kabowo ka mfuti ija, a Luwayo. Kakuda bii. Ndinati basi, amayi ndi ine tsiku limodzi."

"Sindinakudziweni. Masiki ija."

"Zaka zonsezi, kudya mbale imodzi, osandiuza?"

"Satilola."

"Mukanandinong'oneza. Ndikanadziwa kuti inu sagwiridwa." Anapukuta malovu ofiirira ndi kansalu. "Khalani apa. Ayamba."

Pa kanemayo panaoneka mitengo ya kumanda ndi anthu ochepa ataima patalipatali. Amuna ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi anatsitsa bokosi m'galimoto, atalikulunga m'pulasitiki. Nkhope sanaonetse. Chithunzi chinkaima, n'kuyendanso, n'kuimanso, mwakuti bokosi tinaliona lili m'mwamba, kenako tinangoona fosholo zikuponya dothi. A Aloysius anakwawa mpaka pa kanemayo, n'kuika chikhatho pa galasi, akuitana amayi awo. Amayi a m'nyumbamo anayamba nyimbo, a kumandako anali pa nyimbo ina, ndipo ziwirizo zinkapingasana. Pafupi kwambiri ndi foni pankamveka kupuma kwa mayi Dyna, ndi mawu awo akutsatira nyimbo chapansipansi. A Greyson anali asanamve akazi awo akuimba kwa chaka chathunthu. Kawiri konse anawamva akutsokomola.

Mwambo utatha, mayi Dyna anaimba pa foni ya amuna awo. A Greyson anakalandirira kuseri kwa nyumba, pafupi ndi migolo ya zinyalala.

"Chifuwacho chayamba liti?"

"Ndi fumbi la pa kabaza. Musandizembe, abambo a Nicole. Kavidiyo kandipeza ndili kumanda. Ndinagwira foni ija ndikudziwa kuti amene ndikumuonetsa manda a amayi akeyo mukanamupha ndinu."

"Sindinawombe."

"Isiyeni ntchito imeneyo."

"Ndikaisiya, nyumba ino tiisunga ndi chiyani? Inu mubwera ndi chiyani? Ntchito zina sakulemba."

Kumbuyo kwa mayi Dyna kunkamveka mbuzi ndi ana.

"Ndiye tizingokhala chonchi," anatero mayiwo. "Inu uko, ine kuno."

Chifuwa chija chinalidi cha fumbi, mwamwayi. Patapita milungu ingapo apolisi anatseka nkhaniyo, a Aloysius atakana kudandaula, ndipo laisensi ya mfuti imene anali ataiimitsa inabwezedwa. Koma ku Cannington a Greyson sakanagwirakonso, poti nkhope yawo inali itadziwika, choncho anawapatsa njira ya kumpoto kwa mzinda, yaitali, ya maola ambiri m'galimoto. M'mawa woyamba atabwerera, anaima pa bokosi la mchenga lija nthawi yaitali, magazini ili kale mkati, dzanja lili pamwamba pa mfuti, osakoka. Fraser anadikira, kenako anati, "Greyson, anthu akudikira pamzere." Anakoka.

Pakati pa ife zinthu sizinabwerere mwakale. Ena ankawatcha "a kapitawo a zipolopolo" mwanthabwala, ena anasiya kuwaitana ku mapwando a ana. Anafotokoza kangapo kuti mfuti imagona ku Kewdale, koma ochepa ndi amene anakhulupirira, makamaka poona chigongono chija chili pamalo pake. Iwo eni anasiya kuimirira pakhomo la tchalitchi kulandira anthu, ntchito imene anaigwira zaka zambiri, n'kumakhala benchi yakumbuyo, kukhoma. M'sitolo, akamva mapazi ofulumira kumbuyo, ankaima n'kutsamira chipupa mpaka munthuyo adutse. Kawiri anadzaza mafomu ofunsira ntchito kwina, koma zaka zawo zinkawatsekera.

Amayi a mayi Dyna anachira mpaka kumayenda ndi ndodo. Chakumapeto kwa 2021 zigawo za kum'mawa zinatsegula malire, mayi Dyna anapeza mpando pa ndege n'kukatsikira kwa Nicole ku Melbourne. Anali m'dziko limodzi tsopano, komabe osaonana, chifukwa chigawo chathu chinali chikadali chotseka. Tsiku lotsegula linalengezedwa, a Greyson anatsuka makatani ndi kupenta khitchini, kenako tsikulo linasunthidwa. Mayi Dyna analowa m'nyumba yawo mu March 2022. Anapeza amuna awo ataonda, tsitsi litachita mbuu, ndipo maluwa onse a kuseri atauma kupatula mtengo wa mandimu.

Malire atatseguka, ntchito zinayamba kusowa anthu. Mayi Dyna anabwerera kwa okalamba awo, ndipo pakati pa chaka chimenecho a Greyson anabweza pisitolo pa zenera komaliza. Anapeza malo pa nyumba ina yosungiramo katundu ku Kewdale komweko, kuyendetsa kagalimoto konyamula katundu wosanjidwa pa matabwa. Malipiro ndi ocheperapo, msana umawawawa, koma akugwirabe mpaka lero. Katherine anawaimbira kawiri kuti abwerere, anakana mwaulemu.

A Aloysius anaikitsa dzino lina, loyera kuposa anzake. Anapita kumudzi kukamanga chiliza cha amayi awo, ndipo pobwera anafika kwa a Luwayo ndi chitenje cha mayi Dyna, chowathokozera ulendo wa pa kabaza uja. Amayi ali m'khitchini, amuna awiriwo anakhala pakhonde. Anakamba za mvula ya kumudzi, za mtengo wa simenti ku Balaka, za galimoto ya a Aloysius imene inkadontha oilo. A Greyson anagona pansi kuisuzumira, nati ndi kapaipi chabe, abwere nayo Loweruka adzaikonze. A Aloysius anati abwera. Loweruka limenelo anaitanidwa kumgodi mwadzidzidzi, ndipo chaka chisanathe banja lawo linasamukira ku Kalgoorlie.